Zilembo zachilendo pa Serial Monitor si vuto la bolodi

A Mkonzi,

Tiloleni tithandizeko ophunzira amene akupanga mapulojekiti ndi Arduino, kabolodi ka zamagetsi komwe mumakalembera pulogalamu pa kompyuta. Ena amataya bolodi yabwinobwino, ati yapsa, chifukwa Serial Monitor, zenera la pa kompyuta loonetsa zomwe bolodi ikutumiza, ikuonetsa zilembo zosadziwika m'malo mwa manambala. Kawirikawiri bolodiyo imakhala ilibe mlandu.

Chimene chimadutsa pa waya ndi byte, nambala ya pakati pa 0 ndi 255. Serial Monitor siilemba nambalayo momwe ilili, imaiyang'ana pa tebulo la ASCII, lomwe limapatsa chilembo chilichonse nambala yake, n'kuonetsa chilembo chake. Ndiye Serial.write(65) imatulutsa A. Wofuna kuona 65 alembe Serial.print(65), yomwe imatumiza ma byte awiri, 54 ndi 53, oimira 6 ndi 5. Manambala a pansi pa 32 alibe chilembo chooneka (10 amangotsitsa mzere), ndipo opitirira 127 ndi amene amatulutsa timabokosi ndi zilembo zachilendo zija.

Msampha woipa uli pa analogRead ya bolodi ya Arduino Uno, yomwe imawerenga sensa n'kupereka nambala yofika mpaka 1023. Mukaponya nambalayo mu Serial.write, pamapita byte yam'munsi yokha: 300 amasanduka 44, pa sikirini n'kuoneka chizindikiro cha koma (,). Palibe chenjezo lililonse, kotero munthu amathera tsiku akukayikira sensa. Tumizani highByte (byte yapamwamba ya nambalayo) kenako lowByte (yam'munsi), ndipo wolandira achulukitse yoyamba ndi 256 n'kuonjezera yachiwiri.

Potumiza kuchokera pa kompyuta nkhani ndi yomweyo. Mukataipa 7, Serial.read() imalandira 55, ndipo ngati pa Serial Monitor mwasankha Newline, 10 amatsatira. Chotsani 48 kuti mupeze 7. Pa manambala aatali gwiritsani ntchito Serial.parseInt(), koma 10 wotsala uja amaichititsa kudikira sekondi imodzi n'kubweza 0 yemwe simunatumize. Sankhani No line ending.

Koma zonse zikatuluka zosawerengeka, ngakhale mawu wamba, onani liwiro: 9600 ya mu Serial.begin iyenera kufanana ndi yomwe mwasankha pa Monitor.

Ife timalangiza Serial.print(x, HEX), yomwe imalemba nambala mu hex (kawerengedwe ka 0 mpaka 9 kenako A mpaka F), poyesa pulogalamu, ndi kampata pakati pa manambala, chifukwa 10 amatuluka A yekha wopanda 0 kutsogolo. Amene akulumikiza bolodi ku chipangizo cholankhula ma byte enieni asiye Serial Monitor, atenge RealTerm kapena CoolTerm, zomwe zimaonetsa byte iliyonse mu hex.

Aphunzitsi a zamagetsi,
Blantyre