Kalata yopita ku Zomba: ng'ombe imodzi, zaka 9

Mbare, Harare

Achimwene a Chikaonda,

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri, ndipo nkhani ya mnyamata woba mbuzi ya a Nasibeko, amene khoti lamulamula kukasesa pachipatala m'malo mokalowa m'ndende, inandiseketsa kufikira nditakumbukira kuti kunonso tili pa mlandu wa chiweto.

Yohane wa Anambewe ali pa rimandi. Anamugwira mwezi watha kufupi ndi Chegutu akukusa ng'ombe yomwe akuti anangopatsidwa ganyu yokaisiya kwa wogula, koma analibe chikalata cha apolisi chololeza kusamutsa chiweto, ndipo womutumayo wasowa ngati mame. Lamulo la kuno likuti wopezeka wolakwa pa mlandu woba ng'ombe kapena hatchi alandire zaka zosachepera 9, pokhapokha patapezeka zifukwa zapadera, moti woweruza ngakhale atamva chisoni chotani manja ake ndi omangika. Mbuzi siili m'ndime imeneyi. Ndinauza Anambewe kuti mwanayo akanakusa mbuzi bwenzi pano tikumwa naye tiyi, koma iwo sanaseke, anangowerenga pazala kuti adzatuluka ali ndi zaka 32.

Kuyambira tsiku limenelo ng'ombe ija yandilowa m'mutu. Ndikaona nyama pabutchala ndimadzifunsa kuti papachikidwa zaka zingati za munthu, ndipo Loweruka ndinakana chiwindi chimene mayi a kunyumba anakazinga, mpaka anandifunsa ngati ndalowa mpingo wina.

Chimene chikundisautsa n'chakuti ife timawoloka Nyamapanda, Tete ndi Mwanza m'basi imodzi, ndalama timatumizirana pafoni, maliro timalengeza pa WhatsApp, koma mlandu umodzimodzi umasintha kulemera pa chipata chilichonse. Kuno ku Zimbabwe muzu wa malamulo ndi wa Roman-Dutch, wochokera kwa Aroma ndi Adatchi, umene atsamunda anautenga ku Cape, ku South Africa, mu 1891, pamene kwanuko munalandira wa ku England. Makolo athu pobwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi sanauzidwe zimenezi. Anangozindikira ali kale m'bokosi la woimbidwa mlandu.

Musathamangire kudzitama, achimwene, poganiza kuti kwanuko ndiye kuli chifundo. Pa 31 Disembala 2024 Pulezidenti Mnangagwa, amene iye mwini anagamulidwa kuti anyongedwe mu 1965 koma anapulumuka chifukwa cha msinkhu, anasayina lamulo lothetsa chilango cha imfa. Zambia inathetsa mu 2022, South Africa mu 1995. Inu simunanyonge munthu kuyambira 1992, komabe chilangocho chikadali m'mabuku, ndipo mu 2021 khoti lalikulu la apilo linanena mu Epulo kuti chatha, n'kubweza mawu mu Ogasiti. Tangoganizani munthu wa m'ndende ya Zomba, pafupi ndi kwanu pomwepo, amene anagona miyezi inayi akudziwa kuti wapulumuka. M'ndende yomweyo ndimo anafera Orton Chirwa mu 1992, atagamulidwa mu 1983 ndi khoti la mafumu limene silinkalola loya, iye mwini ali loya. Pamene ndikukuyamikirani ndi pa vakabu, poti mu 2017 khoti linathetsa zomanga munthu chifukwa chongoyenda usiku, wogulitsa majumbo wa ku Blantyre atakasuma.

Papepala mayiko onse awiri akulonjeza kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo Yohane anaonekeradi. Chimene pepala silinena n'chakuti mlandu ukhoza kuimitsidwa katatu, koyamba chifukwa mboni sinabwere, kachiwiri galimoto yonyamula akaidi inalibe mafuta, kachitatu sitinamve n'komwe chifukwa chake. Lachinayi ndinaperekeza Anambewe kukapereka chakudya. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo titafika kutsogolo msilikali anabaya nsima ndi supuni mbali zonse kufunafuna zobisika, n'kuuza mayiwo kuti alawe ndiwo kaye. Analawa usipa uja maso ali pansi. Pobwerera kondakitala anandipatsa maswiti awiri m'malo mwa chenji, ndipo bondo langa lija latupanso, moti mafuta amene munalonjeza kupatsira a Banda a thiraki ndikuwadikirabe.

Mwana wa a Mwale amene ali ku Oslo akuti ku Norway mkaidi amakhala m'chipinda chakechake, ndipo a Mwale akuti akadzatopa ndi lendi ya ku Mbare adzapita kukaba njinga kumeneko. Ine ndinawayankha kuti ayambe apeza viza.

Mundifunsireko kwa mlamu wanu wa kukhoti uja ngati kalata ya mfumu ya kwawo kwa Anambewe ku Dedza, yochitira umboni za khalidwe la banjali, ingamveke pamaso pa woweruza wa dziko lina, chifukwa loya amene tamupeza akufuna madola 300 tisanakhale n'komwe pansi, ndipo ine ndikuganiza kuti tikagulitsa mashini osokera aja... magetsi athima, pepala nalonso latha, ndipo kandulo ili kuchipinda kumene kwagona adzukulu.

Ndine wanu,
Jailosi