Tchulani mayina a magulu atsopano oyimba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za chikalata chimene amata pamitengo ndi m'magolosale kuno kwathu, cholengeza phwando la nyimbo la kumapeto kwa mwezi uno. Pachikalatapo pali mayina a oyimba otchuka awiri m'zilembo zikuluzikulu, zithunzi zawo, mtengo wa pakhomo ndi zizindikiro za makampani othandiza, koma magulu onse atsopano awaunjika pansi penipeni m'mawu akuti "ndi ena ambiri". Nditaimba pa nambala yomwe alembapo kuti ndidziwe mayina a maguluwo, ndiyambiretu kufunafuna nyimbo zawo tsikulo lisanafike, amene anayankha anangoti, "Mudzawaonera konko, bwana."

Yankho limeneli landiwawa kwambiri. Anyamata ndi atsikana amenewa amasonkherana ndalama zobwerekera magitala ndi ng'oma, amayeserera mpaka usiku m'kalasi yopempha, ndipo ena adzalipira okha minibasi yopitira kuphwandoko. Kodi zoona mayina awo ndi amene achepetsa malo papepala? Tonse tikudziwa zimene zidzachitike: adzawakweza pansanja dzuwa likuswa mtengo, bwalo lili lopanda anthu, amisiri akulumikizabe mawaya a zokuzira mawu, ndipo khamu lidzafika madzulo osadziwa n'komwe kuti masana kunayimbidwa. Munthu amalawirira kuphwando ngati pali nyimbo imene waimva kale ndipo akufuna kuona eni ake ndi maso.

Khalidwe lotereli ndi limene lachititsa kuti luso lathu lizitulukiridwa ndi alendo ife tili pompano. A Madalitso Band anayimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wawo, gitala wamkulu wa chingwe chimodzi wopanga okha, anthu akungowadutsa, mpaka anakaonekera ku phwando la nyimbo la Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya. A Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu kufikira katswiri wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, atajambula nyimbo zawo. Nawonso mawayilesi ena ali ndi mlandu, chifukwa amangobwereza oyimba omwewo m'mawa ndi madzulo, pomwe oyimba ongoyamba kumene akhala akudandaula kuti nyimbo yawo siulutsidwa popanda kangachepe.

Ndikupempha bungwe la oyimba la Musicians Union of Malawi ndi unduna woona za chikhalidwe kuti alankhulepo, pakuti kulemba dzina la woyimba ndi ulemu umene sufuna ndalama. Okonza phwandoli akadali ndi nthawi. Atulutse mayina a magulu onse sabata ino, pamodzi ndi ola limene gulu lililonse lidzayimbe, atumize nyimbo imodzi ya gulu lililonse pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo apemphe wayilesi ya m'dera lino kuti izipatula theka la ola madzulo alionse kuti tiwamve.

Wokonda nyimbo,
Dedza