Msilikali aziphunzira kuganiza ali pa mpanipani

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za kaphunzitsidwe ka asilikali, poti ambiri amayesa kuti ndi perete, kuthamanga ndi kuwombera chandamale basi.

Pa 3 July 1988, sitima yankhondo ya America, USS Vincennes, inagwetsa ndege yonyamula anthu ya Iran Air itangonyamuka mumzinda wa Bandar Abbas ku Iran, anthu 290 n'kufa. Makina a m'sitimayo analemba kuti ndegeyo ikukwera, koma asilikali anauza mkulu wawo kuti ikutsika kudzawaphulitsa. Sanali mbuli ayi. Nthawi imeneyo n'kuti akuwomberana ndi maboti a Iran, mitima ili m'mwamba, ndipo maso anangoona zimene mutu unali kuyembekezera kale. Ngoziyi ndiyo inabala kafukufuku wa TADMUS, wofufuza mmene munthu amagamulira zinthu akapanikizika.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu amagawa patatu maphunziro okonzekeretsa msilikali kuganiza ali pa mpanipani. Poyamba wophunzira amauzidwa zimene mantha adzamuchite: maso amangoti dwii pamalo amodzi, makutu samvanso wailesi, zala zimanjenjemera. Kenako amabwereza ntchitoyo pamalo abata mpaka manja azolowere. Phokoso, utsi, kusagona, nthawi yochepa ndi mauthenga osokoneza zimabwera pomaliza, chimodzichimodzi.

Pamene pamalakwika m'pano. Mphunzitsi wopupuluma amayambira kumapeto, tsiku loyamba lomwelo kukalipa ndi kuphulitsa zinthu. Mutu wa munthu umangogwira zinthu zatsopano pafupifupi zinayi panthawi imodzi, ndiye mnyamata amene sanadziwe kuchotsa chipolopolo chokakamira mumfuti sangamve chilichonse wina akumukuwira kukhutu. Chimene amatolapo n'kuopa sajeni.

Akamaliza kuyeserera, gulu likhale pansi nthawi yomweyo lisanaiwale. Lifunsane chimene linafuna kuchita, chimene chachitika, chifukwa chake, ndi chimene lisinthe. Wamng'ono ayambe kulankhula, chifukwa bwana akatsogola ena onse amangoti inde bwana.

Koma chimene tikufuna kutsindika n'chakuti zoyeserera zisamathere pa mdani nthawi zonse. Ngati aliyense wotuluka m'tchire amakhala ndi mfuti, msilikali amazolowera kuwombera asanaonetsetse. Asilikali a Malawi akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere kum'mawa kwa DR Congo, kumene zigawenga zimayenda njira imodzi ndi alimi. Pokonzekera ulendo wotere, masiku ena wotuluka m'tchiremo azikhala mayi wonyamula khasu paphewa, ndipo amene waugwira mtima osawombera apatsidwe malikisi onse.

Owerenga anu,
Salima