Tupa isakhudze chokhethemulira cha mfuti yakale

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu kwa abale athu okhala kuno ku America amene, pofuna kuphunzira masewero owombera chandamale, amagula mfuti zazing'ono zakale zimene asilikali a maiko a kum'mawa kwa Ulaya adasiya kugwiritsa ntchito. Mfutizi n'zotsika mtengo komanso n'zolimba, koma ambiri akangogula amadandaula kuti chokhethemulira n'cholemera, ndipo pochikoka chimakhakhala ngati m'katimo muli mchenga.

Ine ndili ndi P-64, yomwe inkapangidwa ku Radom m'dziko la Poland ndipo asilikali a kumeneko adailandira mu 1965. Imalowa zipolopolo 6 za mtundu wa 9x18 Makarov. Pa kuwombera koyamba, chala chimagwira ntchito ziwiri, kukokera hamala (kachitsulo komenya chipolopolo kuti chiphulike) kumbuyo ndi kuimasula, ndipo mphamvu yofunika ndi ya makilogalamu pafupifupi 11, ngati kunyamula ndowa ya madzi ndi chala chimodzi. Tsiku loyamba dzanja lidandinjenjemera, chipolopolo n'kukagwera pansi pa chandamale.

Chimene ndidachedwa kuzindikira n'chakuti kukhakhala ndi kulemera ndi matenda awiri osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Kukhakhala kawirikawiri kumachokera ku girizi wofiirira wotchedwa cosmoline, amene ankapaka mfuti pozisunga m'nkhokwe kuti zisachite dzimbiri. Girizi ameneyu akakhala zaka zambiri amauma n'kumata ngati phula, ndipo fumbi limakakamira momwemo. Nditachotsa magazini (kabokosi koikamo zipolopolo) ndi kuonetsetsa kawiri kuti mulibe chipolopolo, ndidamasula zigwiriro, ndidatsuka m'kati ndi mafuta osungunula girizi pogwiritsa ntchito mswachi wakale, ndipo nsanza yoyera idatuluka yakuda bii, ili ndi tinyenyeswa tolimba. Nditadontheza mafuta pang'ono pamene zitsulo zimakhulana, mchenga uja udatha ndisanagule kalikonse.

Kulemera kumachokera ku sipuling'i ya hamala, ndipo apa ndi pamene ndidalakwitsa. Sipuling'i zofewa zimagulitsidwa poyera, ndipo ine ndidasankha yofewetsetsa poganiza kuti ndapeza njira yachidule. Kuwombera koyamba kudapepukadi, koma kwachiwiri, komwe hamala imakhala itakokeka kale, kudapepuka mopyola muyeso, mwakuti mfuti inkalira chala chisanatsimikize. Sindinkadziwanso kuti mu P-64 sipuling'i yomweyo ndiyo imalimbitsa kachitsulo kogwira magazini pansi pa chigwiriro, choncho tsiku lina ndikuwombera magazini idasolomoka n'kugwera pa nsapato zanga. Palinso vuto lachitatu: zipolopolo za kum'mawa kwa Ulaya zimakhala zolimba kumbuyo kwake, ndipo hamala yofooka nthawi zina imangogogoda osaphulitsa. Ndidabwerera ku sipuling'i yapakatikati, ndipo ndidaiyesa kambirimbiri pabwalo lowomberera ndisanaikhulupirire.

Koma chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi tupa. Pa intaneti pali anthu amene amaonetsa mmene amapalira kachitsulo kotchedwa sear, kamene kamagwira hamala mpaka chala chitailamula kuti ipite. Ndikupempha abale anga ndi mtima wonse kuti asatengere zimenezi. Pamene kachitsuloka kamakumana ndi mano a hamala ndi pamalo pochepetsetsa, ndipo kupendekeka kwake ndiko kumaletsa mfuti kuphulika yokha. Munthu akadya pang'ono chabe pamenepo ndi tupa, hamala imatha kupulumuka mfuti ikagundidwa kapena ikagwa pansi. Kuonjezera apo, zitsulo zambiri zotere zidalimbitsidwa kunja kokha, mwakuti ukapala khungu lolimbalo umafika pa chitsulo chofewa chimene chimapitiriza kudyeka mwakachetechete, mfuti n'kumaoneka yabwino lero koma n'kudzachita ngozi patapita miyezi. Chitsulo chimene chachoka sichibwereranso, ndipo zipangizo za mfuti imene idasiya kupangidwa kalekale n'zovuta kupeza.

Ngati kutsuka ndi kusintha sipuling'i sikunathandize, mfutiyo ipite kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka, amene amasalaza pokhulana popanda kusintha kapendekedwe ka zitsulo, ndipo amayeza kulemera kwa chokhethemulira ndi sikelo yake asanaibweze. Ndalama zake zimawawa, makamaka poganizira kuti mfutiyo tidaigula motchipa, koma m'nyumba zathu muli ana.

Yangayi ikadali yolemerako pa kuwombera koyamba, ndipo ndaisiya choncho mwadala, chifukwa chala chazolowera ndipo zipolopolo zonse 6 tsopano zimafika pa chandamale.

Ine wowerenga wanu,
South Bend, Indiana