Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Sande Sukulu: mawu oti "happy" ndi achikunja kodi?

Wapampando, akulu a mpingo ndi aphunzitsi anzanga, zikomo pondituma. Za zopereka ndi mabuku a ana ndidzafotokoza pamaso Lamulungu likubwerali. Pano ndilembe nkhani ija munati ndikafunse, ya uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti mawu achingerezi oti "happy" ndi dzina la Hapi, mulungu wa Aigupto, ndiye akuti tikamafunirana "Happy New Year" timakhala tikuitana fano.

Nkhaniyi inatidyera masana onse. Mayi ena achikulire anaimirira chala chili pa Eksodo 23:13, pamene Mulungu akuletsa kutchula mayina a milungu ina, n'kunena kuti kwawo anafufuta kale mawuwa pa makadi a ana. Palibe anawaseka. Mantha awo ndi a munthu woopa Mulungu, ndipo ine ndinawamvetsa.

Anawayankha ndi bambo ena amene anaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma. Anatenga choko n'kulemba "happ", mawu a anthu a ku Scandinavia otanthauza mwayi kapena chongokugwera. Anthuwa anakhazikika kumpoto ndi kummawa kwa England m'zaka za m'ma 800, ndipo mawu awo analowa m'Chingerezi n'kukhala "hap". Pansi pake analemba ana ake: "happen", "perhaps", "mishap", ndi "happy" amene anayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Hapi analikodi, Aigupto ankati ndiye amasefukiritsa mtsinje wa Nailo chaka ndi chaka. Koma zolemba zakale za Aigupto zinakhala zaka mazanamazana popanda wotha kuziwerenga mpaka katswiri wina wa ku France, Champollion, atatulukira kawerengedwe kake mu 1822, pamene Angerezi anali atanena kale "happy" kwa zaka zoposa 400. Mayina awiriwa angofanana kamvekedwe basi, sapachibale. Tinatsegulanso Baibulo la Chingerezi la King James la 1611, ndipo mawu oti "happy" alimo pa Miyambo 3:13, komanso pa Yohane 13:17 pamene ali m'kamwa mwa Yesu mwini.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti bambowo sanabise mbali inayo. Anati alipo mawu a chisangalalo ochokeradi ku fano: "jovial" amachokera kwa Jove, dzina lina la Jupiter wa Aroma. Nafenso tikamati Januwale ndi Malichi timatchula Janus ndi Mars, chikhalirecho palibe amawagwadira polemba deti pa kalata ya ubatizo. Ngakhale Paulo, pa Aroma 16:14, akupereka moni kwa mbale wotchedwa Herme, dzina la mulungu wa Agiriki, osamuuza kuti ayambe walisintha.

Maganizo anga ndi akuti uthenga uja ndi wabodza, ndipo zikundiwawa kuti tinaopseza nawo ana athu tisanafufuze. Msonkhano unagwirizana kuti tileke kuutumiza m'magulu a mpingo, ndipo mwana akafunsa timuuze zoona zake.

Chimodzi sitinamvane. Ena anati popeza muzu wa mawuwa ndi mwayi, Mkhristu azingoti "wodala". Ena anati masiku ano palibe amaganiza za mwayi akamanena "happy". Izi anazisiyira mpingo uliwonse, choncho ndikupempha wapampando aziike pa ndandanda wa zokambirana za Lamulungu.