Mlamu wanga wandilanda makasitomala, amuna anga akuti ndikhale chete

Amayi a malangizo,

Ndikulemba usiku uno ana atagona, chifukwa ndikapanda kuuza munthu wina nkhaniyi ndikuopa kuti mawa ndilankhula mawu oti sindidzatha kuwabweza. Chonde musatchule dzina langa. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mtendere kuno ku Lusaka, koma kwathu ndi ku Katete. Ndimagulitsa salaula, zovala zogwiritsidwa kale ntchito zochokera kunja, pa foni: madiresi, majini, zovala za ana, nthawi zina zikwama ndi nsapato. Ndili ndi tsamba pa Facebook, ndimaikanso zithunzi pa status ya WhatsApp, ndipo Lachisanu madzulo ndimaonetsa katundu pa live. Sitolo ndilibe. Sitolo yanga ndi foni ndi ngodya imodzi ya pabalaza.

Amene akundisowetsa mtendere ndi mlamu wanga, mlongo wa amuna anga. Anabwera kuchokera kumudzi atamaliza giredi 12, apongozi anga atapempha kuti akhale nafe pamene akufunafuna malo ku koleji. Ndinavomera ndi mtima umodzi. Nyumba yathu ndi ya lendi, zipinda ziwiri, amagona ndi ana anga. Sindinamuwerengerepo nsima.

Geniyi ndinaiyamba mu 2021, ntchito yanga ya m'sitolo ina ku Kamwala itatha nthawi ya Covid. Mpamba wake unali ndalama za chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana. Palibe wachibale amene anandiwonjezera ngakhale ngwee, ndipo ndikunena izi chifukwa lero aliyense akulankhula ngati geniyi ndi ya banja lonse. Poyamba sindinkatha kugula belo yathunthu. Ndinkadzuka kusanache, kukwera minibasi kupita ku msika wa Soweto, kukaima pamene amayi akudula mabelo kuti ndisankhe zabwino anthu asanachuluke. Nthawi ya mvula matope a kumeneko mumawadziwa. Ndinkabwera ndi chikwama pamutu, kuchapa chovala chilichonse kuti fungo lija la m'belo lichoke, kusoka mabatani, kusita, kenako kujambula. Kujambulako kumafuna luso, Amayi. Diresi lomwelo ukalijambula litayalidwa pa bedi palibe amene afunsa mtengo. Ukalipachika bwino patsogolo pa nsalu yoyera, kuwala kwa m'mawa kukulowa pa zenera, anthu amalimbirana. Zonsezi ndinadziphunzitsa ndekha.

Makasitomala nawonso sanagwe kumwamba. Wina umamuyankha usiku pakati, wina amafunsa mtengo womwe walembedwa kale pansi pa chithunzi, wina amati ndisungireni mpaka kumapeto kwa mwezi kenako osayankhanso foni. Wina anandionetsa uthenga wabodza wakuti watumiza ndalama, ine n'kupereka katundu kwa mnyamata wa njinga yamoto, ndalama osalowa. Kuyambira pamenepo sinditulutsa kanthu ndisanaone ndalama mu Airtel Money kapena MoMo yanga. Pang'ono ndi pang'ono ndinapeza anthu ondikhulupirira: amayi a m'maofesi a ku Longacres, aphunzitsi, ana a sukulu a ku yunivesite ya UNZA, ena a ku Kitwe ndi ku Chipata omwe ndimawatumizira pa basi ku Intercity. Ndimadziwa saizi ya aliyense pamtima. Ndimadziwa amene savala zopanda manja, amene amafuna za kutchalitchi, amene amalandira malipiro pa tsiku liti. Chuma changa chenicheni ndi manambala amenewo.

Ndiye mlamu wanga atabwera ndinamuphunzitsa zonse. Ndinkapita naye ku Soweto ndi kwa opikulitsa mabelo, kumuonetsa kuwerenga chizindikiro cha pa belo, kumufotokozera kuti belo ya makilo 45 umalipira usanaone za m'kati, ndipo zovala zochepa zapamwamba zimene zilimo ndi zomwe zimabweza mpamba, zotsalazo umangozigulitsa pa mulu pa geti kuti zichoke. Ndinamupatsa foni ya geni kuti aziyankha anthu ndikapita kukapereka katundu. Ndinamuuza ndi pini yomwe. Ndinkamuona ngati mng'ono wanga.

Mwezi watha kasitomala wanga wakalekale wa ku Chelstone ananditumizira uthenga wondithokoza chifukwa cha diresi limene "mng'ono wanu" anamubweretsera, ati mitengo ya pa tsamba latsopano ndi yabwino kuposa ya kale. Ine tsamba latsopano ndilibe. Nditafufuza ndinalipeza. Dzina lake likungosiyana ndi langa mawu amodzi. Zithunzi zake zajambulidwa m'nyumba mwanga, patsogolo pa nsalu yanga yoyera, ndi nyali yanga yojambulira imene ndinaigula nditasunga ndalama kwa miyezi. Ngakhale ming'alu ya khoma lathu ikuoneka. Zovala zina ndinazizindikira, chifukwa ndi zimene ndinkadabwa kuti zapita kuti. Panali jekete la chikopa lofiirira limene ndinaliona ndi maso anga tsiku lotsegula belo, ndinaliika pambali kuti ndiligulitse K450, m'mawa mwake silinaoneke. Ndinamukalipira mwana wanga wamkulu poganiza kuti walisokoneza ndi zovala zochapa. Mwanayo analira. Jeketelo lili pa tsamba la mlamu wanga, pansi pake palembedwa kuti lagulidwa.

Manambala onse anawakopera mu foni yake, n'kuuza anthu kuti iyi ndi nambala yathu yachiwiri. Yathu! Ine ndinkangoona kuti malonda atsika, n'kumati ndi mavuto a ndalama omwe aliyense akudandaula.

Nditamufunsa sanakane ngakhale pang'ono. Akuti wandigwirira ntchito nthawi yonseyi popanda malipiro, ndiye watenga zake. Amayi, malipiro a pamwezi sanalipo, koma tinagwirizana liti za malipiro? Amadya pano, amagona pano, sopo ndi mafuta odzola ndi anga, mabandulo a intaneti amene amathera pa TikTok ndimagula ndine. Chovala chilichonse chimene wachikonda m'belo ndinkamusiyira. Tsiku lina anavala diresi la malonda kupita nalo ku ukwati ku Matero, n'kulibweza pa mulu likununkhira perefyumu, m'khwapa muli banga, ine osanena kanthu, ndinangolichapanso. Atadwala malungo ndinamuperekeza ku chipatala ndine, tsiku limenelo ndinalephera kukapereka katundu kwa anthu atatu. Ndalama ya fomu ya ku koleji inachokera pa salaula yomweyi. Zonsezo si malipiro? Mwina mudzati ndikanamupatsa kenakake m'manja mwezi uliwonse. Koma akanandiuza, pakamwa ali napo. Munthu wofuna malipiro amapempha, satenga jekete usiku.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi amuna anga. Ndinawaonetsa zonse pa foni, chithunzi ndi chithunzi. Anangoyang'ana pang'ono n'kunena kuti ndi mwana, musiyeni, zovala zakale si zoti anthu akulu mukanganirane. Zovala zakale! Iwo amawotcherera zitseko ndi mageti ku Kalingalinga. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ntchito yawo inaima. Ankapita m'mawa n'kubwera chimanjamanja. Amene analipira lendi miyezi imeneyo ndani? Ufa, makala, mayunifomu a ana, zonse zinachokera pa zovala zakale zomwezo. Ndinkasita ndi nsimbi ya makala, kutchajitsa foni kwa aneba omwe ali ndi sola, kuchita live ndi nyali ya batire mpaka itazima. Sindinawanyozepo, sindinauzepo munthu kuti pakhomo pano ndikudyetsa ndine. Lero akuti si ntchito.

Apongozi anga nawo anandiimbira foni, mlamu wanga atayamba kale kuwauza mbali yake. Akuti chibale ndi fupa sichiola, akuti ndiyenera kusangalala kuti mwana waphunzira kudziimira payekha, akuti Lusaka ndi yaikulu, ogula ndi ambiri. Ngati ogula ndi ambiri, bwanji sanakapeze ake? Ndinangoyankha kuti ndamva, amayi, chifukwa ndinaleredwa kuti apongozi sabwezeredwa mawu. Nditadula foni ndinakalirira ku bafa.

Pali nkhani ina imene ndakhala ndikuizungulira. Chaka chomwecho cha 2024 dola inadutsa K27, ndipo mabelo anakwera mtengo chifukwa katunduyu amachokera kunja. Mpamba wanga unali utadyedwa ndi za pakhomo. Kuti ndisatseke geni ndinakatenga ndalama kwina. Sindinena kuti kwa ndani kapena zingati, koma aliyense wa m'komboni akudziwa mtundu wa ngongole imene imabereka mwezi ndi mwezi. Belo imene ndinagula ndi ndalamazo inatuluka yoipa, majuzi okhuthala ndi zong'ambika, nthawi yotentha ya Okutobala. Opikulitsa salandiranso belo yodula. Kuyambira pamenepo ndimangolipira chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni ili pomwepo. Amuna anga sadziwa. Sindinawauze chifukwa nthawi imeneyo anali kale ndi nkhawa ya ntchito, ndipo ndinkaganiza kuti ndimaliza mwakachetechete. Ndalamazo sindinadyere kumbali, zinalowa m'nyumba momwemo.

Mlamu wanga akudziwa. Tsiku lina mwini ndalama anabwera pakhomo ine kulibe, anamupeza iyeyo. Ndiye usiku umene ndinamuuza kuti atseke tsambalo kapena alongedze katundu wake, anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, achimwene akudziwa za alendo amene amabwera masana?" Sananene zambiri. Kuyambira tsiku limenelo ndimaphika, iye n'kudya, timapatsana moni, ana akuona ngati zonse zili bwino. Masana ndikachoka amajambulabe patsogolo pa nsalu yanga. Ndinaichotsa n'kuibisa m'sutikesi, mawa lake ndinaipeza yapachikidwanso. Nyali ndimayenda nayo m'chikwama ngati wamisala.

Tsopano amapita yekha ku Soweto, kwa amayi omwewo amene ine ndinamudziwitsa, ndipo mmodzi wa iwo wandiuza kuti amamusungira zabwino poganiza kuti ndamutuma ndine. Amagulitsa motchipa chifukwa salipira lendi, sagula ndiwo, alibe ngongole. Diresi limene ine ndiika K180 iye aika K130. Ndipikisana naye bwanji munthu amene ndikumudyetsa ndine?

Mnzanga wa ku chilimba akuti ndilembe pa tsamba langa kuti anthu achenjere ndi tsamba lonamizira, nditchule ndi dzina lake. Ndinalemba uthengawo, uli mu foni, sindinautumize. Makasitomala sakonda mikangano, athawa tonse awiri, ndipo abale a amuna anga onse ali pa Facebook. Mnzanga wina akuti ndipite ku polisi chifukwa cha jekete ndi zina zosowa. Ine kumangitsa mlongo wa amuna anga? Banja litha tsiku lomwelo. Mkulu wanga wa ku Chawama akuti ndiitane ankhoswe, koma ankhoswe akakhala pansi nkhani ya ngongole ituluka pamaso pa anthu onse, ndipo wolakwa ndidzakhala ine. Za jekete palibe amene adzazikumbukenso.

Nthawi zina ndimaganiza zongosiya, ndigulitse zotsala pa mulu, ndikafune ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Koma ndikaganiza kuti tsamba limene ndinalimanga ndi manja anga life, la iye likule ndi anthu anga, mtima umandiwawa mpaka kulephera kupuma. Mwana wanga amene ndinamukalipira uja mpaka lero amati amayi, jekete lija munalipeza? Ndimuyankhe chiyani, poti amene analitenga amagona naye chipinda chimodzi?

Amayi, ndithandizeni. Kodi ndiwauze ndekha amuna anga za ngongoleyi mlamu wanga asanawauze, ndipo ndiyambe bwanji, poti ndi munthu amene akakwiya amatha sabata osalankhula? Ndikawauza, kodi ndili ndi ufulu wonena kuti mlongo wawo achoke pakhomo pano, kapena pamenepo ndiye ndataya mphamvu zonse? Makasitomala ndiwaimbire mmodzimmodzi kuwauza kuti nambala ija si yanga, kapena kutero ndi kuyalutsa banja? Kodi n'zoona kuti ndinamudyera masuku pamutu mtsikanayu, monga apongozi akuganizira, moti ndiyenera kumulipira kaye ndisanamuuze kuti asiye anthu anga? Nanga mwamuna amene anadya za geni yanga chaka chonse n'kumati si ntchito, ndikhale naye bwanji pa mphasa imodzi? Mwini ndalama abweranso kumapeto kwa mwezi uno, ndipo zimene ndagulitsa sizikukwana ngakhale theka. Chonde ndiyankheni tsikulo lisanafike.

Ine mayi wovutika mumtima,
Mtendere, Lusaka