Kalata kwa Akhristu onse: za filimu ija ndi abambo osowa pakhomo

Okondedwa mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu nonse. Nkhani ya filimu imene anyamata athu a Sande sukulu anakaonera ku vidiyo ya pamsika yandipeza. Ndi ya ku America, ya chaka cha 2010, dzina lake The Kids Are All Right. Amayi awiri a ku Los Angeles amakhala ngati banja, ndipo ana awo awiri anabadwa ndi mbewu ya mwamuna amene anakaipereka kuchipatala. M'filimuyi muli za kuchipinda zosayenera maso a mwana. Mwini vidiyoyo ndakumana naye, wapepesa. Inu amene mukupangana zokatentha chisakasa chake, lekani. Wogenda kapena kunyoza munthu aliyense pa nkhaniyi adzaonekera pamaso pa akulu a mpingo.

Chiphunzitso chathu cha ukwati mukuchidziwa, Genesis 2:24 sanasinthe. Chandisowetsa tulo ndi china. Mnyamata wina wa zaka 13 nditamufunsa zimene anatolapo, anazolika n'kunena kuti, "Abusa, ana aja amafunafuna bambo awo. Inenso anga sindidziwa kumene ali."

Abambo, tamverani. Mu July 2023 ena a inu munakayenda nawo pa zionetsero zokana maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, munabwerako mawu atasasa. Nanga ndi angati mwa inu akudziwa kalasi imene mwana wake ali? Wina anapita ku Joni, zaka zinayi tsopano, ngakhale foni osaimba. Wina ali pompano koma amagona kwa mkazi wachibwenzi, fizi yagwera agogo ogulitsa zitumbuwa. Mwana amakhala ku vidiyo mpaka usiku chifukwa kunyumba kulibe womufunsa kuti wachokera kuti. "Koma ngati wina sadzisungira mbumba yake ya iye yekha, makamaka iwo a m'banja lake, wakana chikhulupiriro iye, ndipo aipa koposa wosakhulupira" (1 Timoteo 5:8).

Loweruka lino 2 koloko masana, abambo nonse tikumane m'tchalitchi. Amayi amene amuna anu ali kunja, tumizani atsibweni a ana. Aliyense abwere ndi K2,000 ya malata a chipinda cha Sande sukulu, mvula yayandikira ndipo denga likudonthabe.

Ine mbusa wanu.